Malenzi apamwamba a wide: bwanji m'makona mwanga muli chimbuuzi?

Wamapiri
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru mutu usanandizungulire. Ndili ndi malenzi awiri a kamera a wide, aja oona malo aakulu, onse ndi zumu za f/2.8 zoyambira pa 14mm, ndipo onse ndi a gulu lija loti ukagula umatha miyezi ingapo osafuna kumvanso za kugula chinthu. Imodzi ndi yanga, ndagula kumene, inayo ndabwereka kwa mnzanga. Ndimafuna ndione yomwe ikutulutsa chithunzi chabwino kuposa inzake. Ndinaika kamera ya mamegapikiseli 45 pa tripod, ndikuloza khoma la njerwa, ndikujambula pa f/2.8, f/4, f/5.6, f/8 ndi f/11 (nambala ikamakula ndiye kuti kabowo ka lenzi kakuchepa).

Pakati pa chithunzi sindikutha kuwasiyanitsa, ngakhale nditakulitsa bwanji pa kompyuta. Njerwa iliyonse ikuoneka mpaka timchenga take. Koma m'makona, mayo ine! Yangayi pa f/2.8 njerwa zikuoneka ngati wina wadutsitsapo chala penti asanaume. Yobwerekayo ili bwinoko, koma nayonso siyoti munthu n'kuombera m'manja. China chondidabwitsa n'chakuti pa f/11 pakati pa chithunzi payamba kufooka poyerekeza ndi pa f/5.6, pa malenzi onse awiri. Kodi malenzi a wide amangokhala chonchi, kapena ndagula yofa kale?

Kadzidzi
Khomalo munatalikirana nalo bwanji, achimwene? Nanga fokasi munaika pati?

Wamapiri
Mita imodzi ndi theka, kuti khoma lidzaze chithunzi chonse. Fokasi ndinaika pakati penipeni.

Kadzidzi
Ndiye pagona nkhani pamenepo. Khoma la njerwa lapusitsa anthu ambiri pa malenzi a wide. Lenzi ya 14mm imaona madigiri 114 kuchoka kona ina kufika kona inzake, ndiye kamera ikangopendekeka pang'ono chabe, kwinaku inu mukuona ngati yaloza khoma mwachindunji, mbali imodzi ya khoma imatuluka mu fokasi.

Chachiwiri ndi chomwe chimavuta kwambiri. Ife timaganiza kuti malo omwe lenzi yaika fokasi ndi athyathyathya ngati pamwamba pa tebulo. Pa malenzi ambiri a wide malowo amapindika ngati mbale. Mukaika fokasi pakati pa khoma, m'makona fokasi imagwera patsogolo pa khomalo kapena kumbuyo kwake, mumpweya momwe mulibe kanthu. Njerwa za m'makona zimaoneka mwachimbuuzi, koma lenziyo ilibe vuto loona, ikungoyang'ana pena. Ndipo kupindikaku kumasintha malinga ndi mtunda. Lenzi yomwe inapangidwa kuti izichita bwino pa zinthu zakutali itha kukuchititsani manyazi pa mita imodzi ndi theka.

Chitani izi. Kulitsani chithunzi pa sikirini ya kamera, pitani pa kona imodzi, ikani fokasi ndi dzanja pakona pomwepo, mujambule. Kona ikayera, vuto ndi kupindikako ndipo lenzi yanu ili moyo. Ikakhalabe mbuu ngakhale mutazunguliza fokasi uku ndi uku, tikambirana zina.

Nyerere
Koma bwana, tangotiuzani mayina a malenziwo. Tikuyesa bwanji mlandu woimbidwa mlandu asakudziwika? Ine ndinena zanga: Nikon AF-S 14-24mm f/2.8G palibe anaifikapo. Inatuluka mu 2007 pamodzi ndi kamera ya D3, ndipo inali yabwino mwakuti ngakhale anthu a Canon ankagula adaputa n'kumaiveka pa makamera awo. Zimenezi sizichitikachitika.

Wamapiri
Mayina sinditchula, akulu. Mwamva kale a Kadzidzi akuti mwina wolakwa ndine. Ndiipitsirenji mbiri ya kampani pa zolakwa zanga?

Agogo a Filimu
A Nyerere, lenzi mukunenayo inalidi mfumu pa nthawi yake, sindikutsutsani. Koma kunena kuti palibe anaifikapo ndi chikondi chabe, mwana wanga. Lolani nkhalamba ifotokoze chifukwa chake.

Kamera za SLR zili ndi kalilole mkati amene amagubuduka mukamajambula, ndipo amafuna malo. Pa Nikon F, kuchoka pomwe lenzi imalumikizana ndi kamera kufika pa filimu kapena sensa pali mamilimita 46.5. Pa Canon EF pali 44. Tsono taganizani, lenzi ya 14mm mwachibadwa chake imafuna kukhala pafupi kwambiri ndi sensa, koma kalilole akuti iyayi, khala kutali. Njira yothetsera vutoli inatchuka ndi Pierre Angénieux wa ku France mu 1950, ndipo imatchedwa retrofocus. Kutsogolo amaikako magalasi akuluakulu omwaza kuwala, kumbuyo n'kuikako osonkhanitsa. Zimatheka ndithu, koma malipiro ake ndi lenzi yaikulu, yolemera, ya galasi lotukuka ngati diso la chule, ndiponso mizere yopindika yomwe okonza amalimbana nayo ndi magalasi enanso.

Panalinso njira ina. Ludwig Bertele anapangira Zeiss lenzi yotchedwa Biogon, yomwe magalasi ake akutsogolo ndi akumbuyo amakhala ngati ofanana, ndipo imalowa mkati mwa kamera pafupi ndi filimu. Hasselblad anachita kupanga kamera yapadera yopanda kalilole mu 1954 kuti Biogon ya 38mm f/4.5 ikwanemo. Mizere yake inali yoongoka modabwitsa popanda kompyuta iliyonse kuithandiza.

Lero kalilole anachoka. Pa Nikon Z mtunda uja ndi mamilimita 16, pa Sony E ndi 18, pa Canon RF ndi 20. Okonza malenzi anapeza mpata womwe analibe kale. Nikon yemweyo anatulutsa Z 14-24mm f/2.8 S mu 2020, yolemera magalamu 650, pomwe yakale ija imayandikira kilogalamu yathunthu. Ndipo m'makona yatsopanoyi imaiposa yakaleyo. Mfumu inakalamba, mwana wake ndi amene ali pampando.

Nyerere
Agogo mwandipweteka mtima koma ndavomera pang'ono. Pang'ono pokha.

Mzere Woongoka
Ine ndimajambula nyumba ndi zipinda, ndiye ndilowererepo pa nkhani ya mizere, chifukwa apa ndi pomwe kuyerekeza malenzi amakono kumasokonekera.

Agogo anena zoona kuti okonza anapeza mpata, koma palinso china chomwe anachita. Anayamba kusiyira pulogalamu ntchito ina yomwe kale inkachitidwa ndi galasi. Malenzi angapo atsopano, mukaona fayilo ya RAW, ija yochokera pa sensa mwachindunji, isanakonzedwe, mizere yake ndi yotukuka kwambiri, mwinanso makona akuda bii. Chitsanzo chodziwika ndi Canon RF 14-35mm f/4L ya 2021. Pa 14mm imaona malo okulirapo kuposa 14mm, n'cholinga choti pulogalamu ikaongola mizere n'kudula m'mbali, chotsalacho chikhale 14mm yeniyeni. Canon sali okha, makampani ena nawonso amachita zomwezo.

Tsono vuto lili apa. Pulogalamu ikamaongola mizere imakoka mapikiseli a m'makona ngati mphira. Malo omwe anajambulidwa ndi mapikiseli ochepa amatambasulidwa kuti akwanire malo aakulu, ndipo timizere tating'ono timafooka. Ndiye a Wamapiri, mukamayerekeza, dziwani kaye ngati pulogalamu yanu ikukonza malenzi onse awiri kapena imodzi yokha. Pa malenzi ena pulogalamu ya Lightroom imangokonza yokha osakufunsani. Tsekulani mafayilo omwewo mu pulogalamu ya RawTherapee kapena darktable muone nkhope yeniyeni ya lenzi iliyonse, kenako muyerekezenso zitakonzedwa zonse. Chithunzi chomwe mudzapereke kwa munthu ndi chokonzedwacho, ndiye chigamulo chichokere pamenepo.

Watsopano
Pepani achemwali, ine ndangoyamba kumene. Zimenezo si chinyengo? Munthu walipira ndalama zambirimbiri, kenako ntchito ikugwiridwa ndi pulogalamu?

Mzere Woongoka
Poyamba nanenso zinkandinyansa. Koma taonani, wokonza lenzi sangathetse mavuto onse nthawi imodzi. Akalimbana ndi kupindika kwa mizere pogwiritsa ntchito galasi, amawonjezera kulemera, mwinanso kubweretsa mavuto ena omwe pulogalamu singachotse. Mizere yopindika kompyuta imaongola mosavuta. Nyenyezi yomwe yamera mapiko m'kona palibe pulogalamu ingaibweze bwinobwino. Ndiye akasankha kusiya vuto losavutalo kuti athane ndi lovutalo, ine sindidandaula.

Kupindika komwe ndimadana nako ndi kuja kwa ngati ndevu zapamlomo, mzere umatukuka pakati kenako n'kubwereranso chakumapeto. Zeiss Distagon 21mm f/2.8 inatchuka chifukwa chogwira tinthu tating'ono mpaka m'makona, komanso inkadziwika ndi kupindika kotereku. Kumeneko simungakonze ndi dzanja pongokoka kabatani kamodzi, pamafunika profile, kafayilo kouza pulogalamu mapindikidwe a lenzi imeneyo.

Komabe pa ntchito yanga yeniyeni zumu zonsezi ndimaziika pambali. Ndimagwiritsa ntchito lenzi ya tilt-shift. Canon TS-E 17mm f/4L inatuluka mu 2009, Nikon PC 19mm f/4E mu 2016. Mumaimika kamera chilili osaipendeketsa, n'kukweza lenzi yokhayo m'mwamba, nyumba yaitali n'kulowa yonse makoma ake ali njo, osaoneka ngati ikugwera chagada. Imeneyo ndi nkhani ina, koma ndimafuna muone kuti "yabwino kuposa zonse" zimatengera zomwe mukujambula.

Watsopano
Zikomo. Nanga ma graph aja a MTF, oonetsa mmene lenzi imaonera bwino, omwe makampani amaika pa masamba awo? Ine ndimangoona mizere yokhotakhota. Sangatiuze lenzi yabwino popanda kuvutika ndi makoma?

Galasi Lakuda
Amathandiza, bola kudziwa powathera. Kumanzere kwa graph ndi pakati pa chithunzi, kumanja ndi kukona. Sensa ya full frame ndi mamilimita 36 kwa 24, ndiye kona yeniyeni ili pa mamilimita 21.6 kuchoka pakati. Mzere ukakhala m'mwamba ndiye kuti zili bwino, ukamatsika ndiye kuti zikufooka. Canon ndi Nikon amaonetsa mizere ya 10 ndi ya 30. Ya 10 imakuuzani ngati chakuda chikuoneka chakuda ndipo choyera choyera, ya 30 imakuuzani za tinthu tating'onoting'ono ngati masamba a mtengo wakutali. Pa nambala iliyonse pali mizere iwiri, wina wathunthu wina wodukaduka. Iwiriyi ikamayenda limodzi mpaka kumapeto, makona amakhala aukhondo. Ikatalikirana kwambiri kumanja, yembekezerani makona opakika ngati omwe a Wamapiri akudandaula.

Koma pali misampha. Ma graph a makampani ambiri ndi owerengedwa pa kompyuta kuchokera pa pulani ya lenzi, ndiye akuonetsa lenzi yangwiro yomwe palibe anaigwirapo m'manja. Zeiss amadziwika kuti amaonetsa zoyezedwa pa malenzi enieni, ndipo iwo amagwiritsa ntchito 10, 20 ndi 40. Choncho kutenga graph ya kampani ina n'kuiika pambali pa ya kampani inzake ndi kudzinamiza.

Amene anatitsekula maso pa nkhaniyi ndi Roger Cicala wa Lensrentals. Popeza amabwereketsa malenzi ambirimbiri, ankatha kuyeza makope angapo a lenzi imodzimodzi pa makina, ndipo ankaonetsa kuti makopewo amasiyana, makamaka ma zumu. Ndiye mukamva wina pa intaneti akulumbira kuti lenzi yakutiyakuti ndi yoipa m'makona, wina akuti ndi yabwino zedi, mwina onse akunena zoona. Aliyense akunena za yomwe ili m'chikwama mwake.

Kadzidzi
Ine mayeso anga ndi nyenyezi basi. Palibe khoma kapena graph yomwe imaulula lenzi ngati thambo usiku. Nyenyezi ndi kadontho. Lenzi yabwino imaijambula ngati kadontho kuyambira pakati mpaka kukona. Lenzi yovuta imayamba bwino pakati, koma mukamapita m'mbali timadontho tija timayamba kumera timichira, kenako mapiko, mpaka kukona mumapeza timbalame touluka. Zimenezi ndi zomwe amati coma, nthawi zambiri zimabwera limodzi ndi astigmatism. Masana simungazione bwino chifukwa masamba ndi miyala zimabisa.

Pa ntchito imeneyi ma prime, malenzi opanda zumu aja, ndi omwe ndimawadalira. Sony FE 14mm f/1.8 GM ya 2021 imalemera magalamu 460 okha. Sigma anatulutsa 14mm f/1.4 DG DN Art mu 2023, chimphona choposa kilogalamu chomwe chimabwera ndi phazi lake la tripod, ndipo anaikaponso malo omangirira kalamba kotenthetsa lenzi kuti mame asagwire galasi. Amene anagonapo panja akudikira Mlalang'amba n'kupeza zithunzi zonse za ola lathunthu zili mbuu chifukwa cha mame adziwa kuti kameneko si kamasewera.

Kusiyana kwa f/1.4 ndi f/2.8 ndi masitopu awiri, kutanthauza kuwala kochuluka kanayi. Ndipo usiku simungangotalikitsa nthawi mmene mukufunira, chifukwa dziko likuzungulira. Lamulo lakale lija logawa 500 ndi kutalika kwa lenzi limapereka masekondi pafupifupi 35 pa 14mm, koma pa sensa ya mamegapikiseli 45 nyenyezi zimakhala zitayamba kale kukoka timizere. Ine sindipyola masekondi 15 kapena 20. Ndiye kuwala kowonjezerako kumakulolani kutsitsa ISO, nambala yowalitsira chithunzi ija, n'kuchepetsa phokoso, kapena kuti timadontho ta m'chithunzi.

Chinsinsi china n'chakuti lenzi ya f/1.4 mukaitseka pang'ono kufika f/2, timapiko tambiri timatha, ndipo mukadali patsogolo pa zumu ya f/2.8 yomwe ili chitsekulire.

Nyerere
Koma ma prime anuwo m'makona mumada ngati m'phanga mukawatsekula onse.

Galasi Lakuda
Kudako si kwa ma prime okha, ndipo mbali ina si mlandu wa kampani iliyonse. Kuwala kolowa mopendekeka kumafika kofooka. Pa lenzi ya mapangidwe osavuta, kuwala kwa m'kona kumatsika motsatira cosine ya ngodyayo kuchulukitsidwa kanayi. Pa 14mm kona ili pa madigiri 57, ndipo mukawerengetsa mupeza kuti kuwala kofika kumeneko sikukwana n'gawo limodzi mwa magawo khumi a kwa pakati. Amenewo ndi masitopu oposa atatu. Mapangidwe a retrofocus omwe agogo afotokoza amachepetsako vutoli, koma salithetsa.

Pulogalamu imawalitsa makonawo, inde, koma siwalitsa ulere. Mukajambula pa ISO 3200 n'kukweza makona ndi masitopu awiri, phokoso la m'makonamo limafanana ndi la ISO 12800. Masana pa ISO 100 palibe angazindikire. Usiku zimaonekeratu, makona amachita timadontho tamitundumitundu. Ndiye poyerekeza malenzi awiri, onaninso kuti iliyonse ikuda bwanji isanakonzedwe.

Agogo a Filimu
Ndiwonjezerepo kamodzi. Sensa si filimu. Filimu inkalandira kuwala kochokera mbali iliyonse osadandaula. Sensa ili ndi kagalasi pamwamba pake, ndipo makulidwe a kagalasiko amasiyana malinga ndi kampani. N'chifukwa chake malenzi ena a wide a Leica M, omwe pa kamera yawo ndi abwino kwabasi, mukawaveka pa kamera ya Sony ndi adaputa makona amapakika, nthawi zina n'kusinthanso mtundu. Lenzi ndi kamera zimayezedwa limodzi.

Wamapiri
Ndabwerako, akuluakulu. Ndachita monga a Kadzidzi ananenera, komanso khoma lija ndalisiya. Ndinakwera pamalo okwera n'kuloza nyumba ndi mitengo yakutali.

Nditaika fokasi pakona, lenzi yobwereka ija yayera makona onse anayi, mpaka ndikutha kuwerenga mizere ya malata pa denga lomwe lili kutali. Ndiye inali nkhani ya mbale ija. Ndapezanso kuti ndikaika fokasi chapakati pa mtunda wochoka pakati kupita kukona, n'kutseka kufika f/5.6, chithunzi chonse chimakhala bwino kuposa ndikaika pakati penipeni. Zaka zonsezi ndakhala ndikuika fokasi pakati ngati lamulo.

Yanga nayo yasintha kwambiri, koma makona atatu okha. Kona yakumanzere m'munsi ikukanabe. Pali mlongoti wa magetsi womwe ndinauika pakona imeneyo, mawaya ake akuoneka awiriawiri ngati ndaledzera. Ngakhale pa f/8 sikufanana ndi zinzake.

Kadzidzi
Hmm. Kona imodzi yokha si nkhani yabwino. Kupindika kwa fokasi kumagwira makona onse mofanana. Imodzi ikapanduka, kawirikawiri ndiye kuti galasi lina mkatimo silinakhale pakati penipeni kapena lapendekeka.

Tsimikizani motere. Sankhani chinthu chimodzi chakutali, mlongoti womwewo uli bwino. Ikani fokasi kamodzi ndi dzanja, musaikhudzenso, lenzi ikhale chitsekulire pa f/2.8. Jambulani kanayi, mlongotiwo muziuika pakona ina nthawi iliyonse. Dulani makona anayiwo muwaike pamodzi. Chitani zimenezi pa 14mm, pakati pa zumu, ndi kumapeto kwake, chifukwa vutoli limatha kuoneka mbali imodzi ya zumu n'kubisala kwina. Kenako bwerezani ndi lenzi yobwerekayo pa kamera yomweyo. Nayonso ikafooka kona yomweyo, wolakwa ndi kamera, mwina polumikizira lenzi panapindika. Ikakhala bwino, mwamugwira wakubayo.

Musayembekezere kuti makona anayi afanane ndendende, zumu yotero kulibe. Koma mawaya awiriawiri pa f/8 ndi zopyola muyezo.

Galasi Lakuda
A Wamapiri, funso lanu la f/11 lija palibe analiyankha. Pamenepo musaimbe mlandu lenzi iliyonse. Kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kumamwazika, ndipo kabowo kakamachepa kumwazikako kumakula. Pa kuwala kobiriwira, kadontho kamodzi pa f/5.6 kamafika pa sensa kali kotambalala ma micron pafupifupi 7.5 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pa f/11 pafupifupi 15. Pikiseli imodzi pa kamera ya mamegapikiseli 45 ndi ma micron 4.4 kapena kuchepera pang'ono. Ndiye pa f/11 kadontho kaja kakuphimba mapikiseli oposa atatu m'mimba mwake. Pa kamera ya mamegapikiseli 61, yomwe pikiseli yake ndi ma micron 3.76, mumazindikira msanga kuposa apo.

N'chifukwa chake kuyerekeza malenzi apamwamba pa f/11 kapena f/16 sikukuuzani zambiri, onse amakhala atafanana. Kusiyana kwawo kuli pa f/2.8 ndi f/4, m'makona. Sindikuti musamajambule pa f/11. Ngati mukufuna duwa lapafupi ndi phiri lakutali zonse zioneke, tsekani basi, kufooka pang'onoko n'kwabwino kuposa theka la chithunzi kukhala kunja kwa fokasi.

Dzuwa Likulowa
Nonse mwakakamira m'makona, koma ine chomwe chinandisiyitsa lenzi ina yodula ndi dzuwa. Lenzi ya wide imaona malo aakulu mwakuti dzuwa limapezeka m'chithunzi kapena m'mphepete mwake nthawi zambiri. Ndinali ndi ina, sinditchula, yomwe pa khoma inkapambana mayeso onse. Koma dzuwa likangokhala chapambali, timipira tobiriwira tinkandanda kudutsa chithunzi chonse, ndipo mithunzi inkachita phulusa. Ndinataya zithunzi za m'mawa wina zomwe sindidzazipezanso.

Ndiye a Wamapiri, onjezani mayeso awa. Ikani dzuwa pakati, kenako pakona, kenako kunja pang'ono kwa chithunzi, pa f/2.8 ndi pa f/11. Makampani onse ali ndi mayina a zomatira pa galasi zochepetsa kunyezimira, Nikon ali ndi Nano Crystal Coat ndi ARNEO, Canon SWC ndi ASC, Sony Nano AR, Zeiss T*, koma dzina silijambula. Yesani nokha. Ndipo pukutani galasi kaye, chifukwa pa 14mm ndi f/11 kafumbi kalikonse ka pagalasi lakutsogolo kamaoneka dzuwa likakawomba.

Pamenepo muonanso nyenyezi ya dzuwa. Timasamba totseka kabowo ka lenzi tikakhala 9, mivi imatuluka 18. Tikakhala 10, ngati pa Zeiss Loxia 21mm f/2.8, mivi imatuluka 10 yokha koma yooneka bwino. Nambala yosagawika pawiri imabereka mivi yowirikiza, yogawika pawiri imabereka nambala yomweyo. Izi ndi za kukonda kwa munthu, ine ndimakonda 10.

Nkhani ya mafyuluta nayo musaiiwale. Malenzi a diso la chule aja, monga Canon EF 11-24mm f/4L ya 2015 kapena Sony FE 12-24mm f/2.8 GM ya 2020, alibe mazinga omangira fyuluta kutsogolo. Mumafunika chimango chachikulu cha magalasi a mamilimita 150 kapena kuposerapo, kapena tizidutswa tolowetsa kumbuyo. Nikon Z 14-24mm ija imalandira fyuluta ya 112mm kudzera pa hood yake, chotchingira dzuwa chija. Canon RF 15-35mm f/2.8L ndi Sony 16-35mm f/2.8 GM zimalandira ya 82mm wamba. Kwa munthu wojambula mathithi ndi nyanja, yemwe fyuluta ya ND yochepetsa kuwala sichoka pa lenzi yake, zimenezi zitha kulemera kuposa kusiyana kwa m'makona komwe mumakuona pokhapokha mutakulitsa.

Watsopano
Nanga polarizer? Ndinaika pa 16mm thambo linatuluka ndi chigamba chakuda mbali imodzi. Ndimaganiza kuti fyulutayo ndi yachabechabe.

Dzuwa Likulowa
Fyuluta ilibe mlandu. Polarizer imadetsa thambo kwambiri pa madigiri 90 kuchoka pomwe pali dzuwa, ndipo imachepa mphamvu mukamayandikira dzuwalo kapena kulifulatira. Lenzi ya 16mm ikuona madigiri 107, ndiye mbali yodetsedwa ndi yosadetsedwa zonse zili m'chithunzi chimodzi. Igwiritseni ntchito pa madzi ndi masamba onyowa, thambo likachuluka ichotseni.

Watsopano
Lomaliza, ndikulonjeza. Ndinajambula gulu la anthu pa 16mm, omwe anaima kumapeto anatuluka otambalala nkhope, mmodzi mpaka anakwiya. Lenzi yodula ingathetse zimenezi?

Mzere Woongoka
Ayi ndithu, sungani ndalama zanu. Lenzi iliyonse yomwe imasunga mizere yoongoka pa ngodya yaikulu chonchi imayenera kutambasula zinthu za m'mbali, ndipo chinthu chozungulira ngati mutu chimasanduka dzira. Lenzi ikakhala yoongola bwino mizere, kutambasukako kumaonekanso bwino. Bwererani m'mbuyo, pitani pa 24mm kapena 35mm, ndipo musaike munthu kumapeto kwenikweni kwa chithunzi. Makamaka amene sachedwa kukwiya, ameneyo aziima pakati.

Wamapiri
Ndamaliza mayeso a makona anayi aja. Yobwereka pa kamera yanga makona onse ali pafupifupi chimodzimodzi, yakumanja m'mwamba yafooka pang'ono koma mpaka utachita kuyang'anitsitsa. Yanga pa 14mm kona yakumanzere m'munsi ndi yoipa poyera, pa 18mm ikuchepako, kumapeto kwa zumu sikuoneka n'komwe. Ndiye kamera ilibe vuto. Mwamwayi masiku obwezera sanathe, ndawatumizira zithunzi zinayi zija ogulitsawo ndipo avomera kusintha.

Chondiseketsa n'chakuti pa makona atatu abwinowo, yanga ikuiposa pang'ono yobwerekayo pa f/2.8, ndipo pa mayeso a dzuwa a Dzuwa Likulowa yanganso ndi yomwe yatulutsa timipira tochepa. Ndikanatsatira khoma lija ndikanaitaya n'kukagula ya mnzangayo.

Agogo a Filimu
Yatsopanoyo ikafika, mlongoti womwewo tsiku lomwelo, musanataye bokosi.

Nyerere
Tsopano poti wolakwa wapezeka, mayina aja mutiuza?

Wamapiri
Ayi, bwana. Ikabwera inayo ndidzaika makona ake anayi pano, mudzalote nokha.